Nsompho, Macheka ndi Puleni: Mbiri ya Amisiri a Matabwa m'Malawi

Munthu amene alowa lero m'nyumba ya mnzake, kaya m'tauni kaya kumudzi, nakankha chitseko cha matabwa, nalozeredwa mpando woti akhalepo, maso ake nagwera pa kabati ya galasi m'mene mayi wa pakhomopo amasungamo mbale za alendo, sangafulumire kuganiza kuti zinthu zimenezi ndi za dzulodzuloli m'dziko lino, ndi kuti agogo a agogo ake adabadwa, nakula, nakwatira, naikidwa m'manda osakhudzako thabwa lopalidwa ndi puleni. Ntchito ya ukalipentala yazika mizu pakati pathu kotero kuti tayamba kuiyesa yachibadwidwe, yofanana msinkhu ndi kulima kapena kuumba mbiya. Komatu ili ndi chiyambi chake chodziwika, ili ndi anthu amene adaibweretsa ndi ena amene adailandira, ndipo yadutsa m'nyengo za ulemu ndi za kunyozeka zimene n'zoyenera kuzikumbukira, makamaka tsopano pamene mitengo imene idailera ikutha m'mapiri.

Tisanene kuti makolo athu sadaudziwe mtengo, pakuti adaudziwa koposa ife. Mmisiri wa kale adali wosema, ndipo zida zake zidali nkhwangwa, nsompho ndi kasemasema, zosulidwa ndi osula a m'dera momwemo kuchokera ku chitsulo cha m'ng'anjo. Luso lake lonse lidagona pa kuchotsa: ankatenga chipika chimodzi, nachisema kunja, nachigoba m'kati, kufikira mutatuluka mtondo, kapena ng'oma, kapena bwato, popanda cholumikiza ngakhale chimodzi. Munsi, mpini wa khasu, chipande, mthiko, mtsamiro wa nkhalamba ndi kampando ka mfumu, zonsezi zinkachokera m'dzanja lomwelo. Iye ankadziwa mtengo umene umalira bwino ukakungidwa chikopa, umene sumwa madzi msanga panyanja, umene chiswe chimaulambalala, ndi umene suyenera kudulidwa chifukwa uli kumanda kapena m'nkhalango ya kachisi. Chitseko cha nyumba chinkalukidwa ndi bango kapena nsungwi n'kumatsekedwa ndi mpiringidzo, pogona padali pamphasa, ndipo pozenga milandu amuna ankakhala pa zikumba ndi pa mizu ya mtengo wa pabwalo. Thabwa lenileni lidayamba kuonekera kunyanja, kumene Aswahili a ku Nkhotakota ankakhoma zombo zawo za matanga, monga David Livingstone adaonera mu 1863, ndi kwa mafumu ena a Chiyao amene ankamanga nyumba za ngodya zinayi zokhala ndi zitseko zosemedwa motsanzira za kugombe la nyanja ya mchere. Koma luso limenelo lidayendera limodzi ndi malonda a minyanga ndi akapolo, ndipo silidafalikire m'midzi.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Pamene sitima yaing'ono ya Ilala idalowa m'nyanja pa 12 Okutobala 1875, itanyamulidwa zidutswazidutswa pamitu ya anthu mazanamazana kulambalala mathithi a mtsinje wa Shire, mudali azungu asanu ndi atatu, ndipo ambiri a iwo adali anthu a ntchito zamanja: wosula zitsulo, woyendetsa injini, mlimi, mmalinyero, ndi kalipentala dzina lake George Johnston. Ngakhale Robert Laws mwini wake, mmodzi wa azunguwo, amene timamkumbukira monga mbusa ndi sing'anga, adali mwana wa mmisiri wa mipando ndi makabati wa mumzinda wa Aberdeen, ndipo iyenso adaphunzira ntchito yomweyo ali mnyamata, napala matabwa usana ndi kuphunzira mabuku madzulo kufikira atalowa sukulu ya ukachenjede. Ichi si chinthu chaching'ono, pakuti munthu amene adatsogolera mishoni ya Livingstonia kufikira 1927 adali wodziwa m'manja mwake kusiyana kwa ntchito yoona ndi yonyenga, ndipo sadaone chifukwa cholekanitsira Uthenga ndi benchi ya mmisiri, pokhala Ambuye amene ankamlalikira adakulira m'nyumba ya mmisiri wa mitengo ku Nazarete. Patatha chaka Ilala italowa m'nyanja, kudabwera anyamata anayi a mtundu wa Axhosa ochokera ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo mmodzi wa iwo, Mapassa Ntintili, adali wophunzira kupanga ngolo. Kotero kuti mwa amisiri oyambirira a mishoni mudalinso munthu wakuda mnzathu.

Mishoni iliyonse, kaya ya ku Cape Maclear, kaya ya ku Blantyre imene idakhazikitsidwa mu 1876, kaya ya ku Bandawe kumene a Livingstonia adasamukira mu 1881, inkasowa zinthu zomwezo: mafelemu a zitseko ndi mazenera, mitanda ya denga, mabenchi a sukulu, gome la Mgonero ndi mashelefu a mankhwala, ndipo popeza padalibe sitolo yokagulako thabwa, thabwa lililonse linkayenera kukatengedwa ku mtengo uli chiimire m'nkhalango. Apa ndi pamene padabadwira ocheka matabwa, anthu amene timawaiwala kawirikawiri posimba za amisiri, chinkana popanda iwo puleni ikadakhala chete. Kagwiridwe ka ntchito yawo sikadasinthe kwenikweni kufikira lero, ndipo aliyense amene adayendako m'mapiri adawaona. Akagwetsa mtengo amausadza, naudula chipika, nachisema ndi nkhwangwa mbali zinayi. Kenaka amakumba dzenje kapena kumanga thandala pamalo otsetsereka, nagubuduzirapo chipikacho. Amanyika chingwe m'madzi a makala osinja, nachikoka kuchokera kunsonga kufika kutsinde, nachinyamula pakati ndi zala ziwiri n'kuchileka kuti chimenye mtengo ndi kusiya mzere wakuda woongoka. Wina amakwera pamwamba, wina amatsikira pansi, macheka aatali ali pakati pawo. Wa pamwamba ndiye mwini mzere, amene amakoka ndi kuwongolera, pamene wa pansi ndiye mwini mphamvu, amene amagwetsa macheka utuchi ukumthira m'maso ndi m'tsitsi tsiku lonse. Macheka akayamba kupanikizika amakhomera kamtengo kosongoka m'mng'alu kuti njira itseguke, ndipo akabuntha amakhala pansi ndi tupa, nanola dzino limodzilimodzi kufikira kumapeto. Anthu awiri osamvana sangatulutse thabwa loongoka, n'chifukwa chake ocheka ambiri amayenda pachibale kapena pachilamu.

Chimene chidali chachilendo zedi kwa ana a osema sichidali chitsulo chakuthwa ayi, pakuti chimenecho ankachidziwa kale, koma kulumikiza. Wosema amayesa ndi diso, ndipo akalakwitsa pang'ono mbali ina amangosemanso inzake kuti zifanane; koma wopanga chitseko ali ndi matabwa angapo amene ayenera kukumana pa ngodya zoona, ndipo akaphonya ndi kachigawo ka inchi pa limodzi, chitseko chonse chimapotoka n'kukana kulowa m'felemu. Tsono mnyamata wophunzira ankayenera kudziwa rula, sikweya ndi pensulo asadagwire macheka, ndipo masamu amene ankawathawa m'kalasi ankawapeza akumdikira pa benchi. Ankayamba ndi kunola, kukhuta mpeni wa puleni pa mwala wothira mafuta kufikira utameta ubweya wa pamkono. Kenaka ankaphunzira kupala thabwa mbali imodzi mpaka kuongoka, kuika chizindikiro pambaliyo, ndi kuyesa mbali zina zonse kuchokera pamenepo. Pambuyo pake ndiye ankaloledwa kuboola bowo la ngodya zinayi ndi tchizulo m'thabwa lina ndi kucheka lilime pa linzake, kuti lilimelo lilowe m'bowo mothina, losachita kukhomedwa mwankhanza ndiponso losagwedera, n'kulitsekera ndi kachikhomo ka mtengo. Ndipo ngodya za madilowa ankazilumikiza ndi mano olowana, osafunanso msomali.

Koma phunziro lovuta kuposa onse lidali la kudikira. Thabwa laliwisi limanyenga: lero laongoka, mawa lauma, lapindika, lang'aluka, ndipo polumikizira pamene padali pothina payamba kuseka. Chifukwa chake matabwa ankasanjidwa pamthunzi, timitengo tili pakati kuti mphepo izidutsa, nakhala chomwecho miyezi yambiri, okhuthala chaka ndi kupitirira, mmisiri asadawakhudze. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ine ndikhulupirira kuti palibe ntchito ina ya manja imene mwambiwu umaikhudza monga iyi, pakuti mtengo uyenera kudikiridwa kuti ukhwime, thabwa liyenera kudikiridwa kuti liume, ndi mnyamata ayenera kudikiridwa kuti dzanja lake likhazikike; ndipo amene afuna kumvetsa zimene zaichitikira ntchitoyi m'zaka zonsezi angoyang'ana m'mene kudikira kutatuku kwakhala kukufupikira.

Zipatso za mbadwo woyambawo tikuziona kufikira lero. Tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene David Clement Scott adachiyamba mu 1888 nichitsegulidwa mu 1891, anthu amachitama chifukwa cha njerwa zake za maonekedwe osiyanasiyana, amene owerenga amati amakwana 81. Koma ndi ochepa amene amalingalira kuti mtundu uliwonse wa njerwa udayamba wafuna chikombole chake cha matabwa, ndi kuti khomo lililonse lopindika pamwamba lidaimikidwa pa chimango cha mitengo kufikira njerwa zitagwirana. Scott sadaphunzirepo zomangamanga kusukulu, ndipo amene adagwira ntchitoyo adali anthu a dziko lino amene zaka zowerengeka m'mbuyomo adali asadaonepo nyumba yotere. Pachilumba cha Likoma, a mishoni ya UMCA adayala maziko a tchalitchi chachikulu cha St Peter mu 1903, nachipatula mu 1911, ndipo kumenekonso kudatuluka amisiri a miyala ndi a matabwa odziwika m'mbali zonse za nyanja. Laws atakwera ku Khondowe mu 1894 nayambitsa sukulu ya Overtoun, adaika ntchito zamanja pambali pa uphunzitsi ndi ubusa, ndipo mnyamata wofuna ukalipentala, kumanga nyumba kapena kusindikiza mabuku ankalowa pangano la zaka zisanu, zaka zimene ankadya, kugona ndi kupembedza pamishoni pomwepo pansi pa mwambo wokhwima. Ku Blantyre ntchito yonga yomweyo idapitirira pa Henry Henderson Institute, imene idatsegulidwa mu 1909.

Pamenepa padabuka funso limene silidathe mpaka lero, lakuti mmisiri wophunzitsidwa chotere akagwire ntchito kuti. Munthu wophunzira zaka zisanu ku Khondowe ankatha kupanga masitepe a nyumba yosanja ndi kabati ya madilowa, koma m'mudzi mwake mudalibe wofuna zimenezo, ngakhale wokhala ndi ndalama yomlipira. Motero amisiri abwino koposa adatsata kumene kudali ndalama: ku Boma ku Zomba, ku kampani ya Mandala, ku minda ya azungu ya m'mapiri a Shire, ku njanji imene idafika ku Blantyre mu 1908, ndi kunja kwa dziko, ku migodi ya mkuwa ya ku Katanga ndi Northern Rhodesia, ku Salisbury ndi ku Johannesburg. Kumeneko adatchuka ndi dzina la amisiri a ku Nyasaland, ngakhale kuti kum'mwera malamulo a tsankho ankasungira azungu ntchito za luso ndi malipiro ake, munthu wakuda n'kumalandira kachigawo chabe pa ntchito yomweyo. A mishoni ya Dutch Reformed, amene adayamba ku Mvera mu 1889 nafika ku Nkhoma mu 1896, adaiona nkhaniyi mwa njira ina: iwo ankafuna mmisiri wa kumudzi, wodziwa kupanga chitseko, mpando ndi goli la ng'ombe ndi zida zochepa, amene adzakhala pakati pa abale ake osapita kutali. Nthumwi za Phelps-Stokes, zimene zidayendera sukulu za dziko lino mu 1924, zidayamikira kwambiri njira imeneyi. Koma anthu athu ophunzira adaiyang'ana ndi diso lokayika, ndipo sadalakwe kwenikweni, pakuti ankamva bwino mawu a atsamunda ena amene ankafuna kuti munthu wakuda aphunzire za manja zokha, mutu wake ukhale chigonere.

Chimene chimandimvetsa chisoni ndi chakuti pokana msampha umenewo tidakana ndi ntchito yomwe. Kalaliki wovala kolala, wokhala mu ofesi ya DC ndi cholembera kukhutu, adakhala chithunzi cha munthu wophunzira, ndipo kalipentala, amene naye amasunga pensulo kukhutu nawerenga tizigawo ta inchi timene kalaliki sakanatha, adayamba kuyesedwa munthu amene sukulu idamkanika. Komatu John Chilembwe, amene palibe angamnene kuti ankafuna kupondereza anthu a mtundu wake, pokhazikitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu mu 1900, adaimanga pa maziko omwewo a sukulu ndi ntchito zamanja, namanga tchalitchi chachikulu cha njerwa ndi manja a anthu akuda okhaokha, chimene Boma lidachigumula mu 1915. Iye adaona kuti mtundu wosatha kudzipangira chitseko chake udzakhala wopemphapempha ngakhale utadziwa Chingerezi chonse.

M'midzi namo zinthu zidasintha mwapang'onopang'ono. Msonkho wa nyumba udatulutsa amuna kukafuna ndalama kutali, ndipo amene adabwerako, kusiya matchona, adabwera ndi maso oona zina: ankafuna nyumba ya ngodya zinayi, chitseko cha mahinjesi ndi loko, bedi, ndi tebulo lodyerapo. Nyumba ya mphunzitsi wa mishoni inkakhala chitsanzo cha mudzi wonse, ndipo sukulu ya Jeanes ya ku Domasi, imene inkaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo, inkalimbikitsa nyumba za mazenera ndi mipando. Pamenepo kalipentala wa kumudzi adapeza malo ake, benchi yake ili pansi pa mtengo wa mango, malipiro ake nthawi zina ali nkhuku kapena dengu la chimanga. Iye ndiye ankapanga mpando wa ndalema umene bambo wa pakhomo ankapumirapo pakhonde madzulo, bokosi la loko limene mwana wosankhidwa kupita ku sukulu yogonera komweko ankalisenza pamutu, ndi ngolo ya mlimi wa fodya. Mpando udalowanso m'mwambo wa ulemu: ukakhala umodzi pakhomo, unkatulutsidwira mfumu, nkhoswe, apongozi aamuna kapena mlendo wochokera kutali, amayi ali pamphasa ndi ana ali pansi, kotero kuti poona amene wapatsidwa mpando mwana ankadziwa amene ayenera kumgwadira popereka madzi.

Tsono tinene za mitengo, pakuti mbiri ya mmisiri ndi mbiri ya nkhalango ndi imodzi. Amisiri akale adapeza chuma choti sadachibzale. Padali mlombwa, wotuluka utomoni wofiira ukatemedwa, umene thabwa lake limauma losapotoka nilandira vanishi mokongola, ndiye mfumu ya mitengo ya mipando. Padali mbawa, chimtengo cha m'mbali mwa mitsinje, chotulutsa matabwa aakulu ofiirira a matebulo ndi makabati. Padali msambamfumu ndi muwanga, yolimba yobunthitsa macheka, ya zitseko ndi mizati. Koma woposa yonse pa ulemu udali mkungudza wa ku Mulanje, umene sumera mwachilengedwe kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pamwamba pa phiri limenelo. Alexander Whyte, katswiri wa zomera wa Boma la Harry Johnston, adautola mu 1891, ndipo akatswiri adautcha Widdringtonia whytei pokumbukira iye. Thabwa lake ndi lonunkhira, losavuta kupala, ndipo chiswe ndi chinyezi siziligonjetsa. Ndipo anthu owerenga za mikungudza ya ku Lebano imene Hiramu adatumizira Solomo pomanga Kachisi adazindikira kuti nafenso Mulungu adatipatsa wathu. Boma lidayamba kuucheka msangamsanga kuti lifolere nyumba zake ndi kupangira zitseko ndi mipando, ndipo kuyambira pamenepo mibadwo ya anthu a m'tsinde mwa phirilo idakhala ikukwera ku Chambe, ku Lichenya ndi ku Sombani, nitsika ndi matabwa aatali pamutu m'njira zoterera zimene mlendo amayendamo chokwawa. Phirilo lidatetezedwa ndi lamulo mu 1927, ndipo mu 1984 Dr Kamuzu Banda adalengeza mkungudza kukhala mtengo wa fuko. Koma lamulo ndi ulemu sizidaletse nkhwangwa ndi moto, ndipo pamene akatswiri adawerenga mu 2017 adapeza mitengo yokhwima 7 yokha ili moyo.

Pamalo pa mitengo ya makolo padabwera ya changu. Paini udabzalidwa ku Zomba, ku Dedza ndi pa Mulanje pomwe, ndipo koposa monse ku Chikangawa pa mapiri a Viphya, kumene kuyambira mu 1964 Boma lidakulitsa nkhalango kufikira mahekitala pafupifupi 53,000, poyembekeza fakitale yopanga zopangira mapepala imene siidamangidwe. Nkhalango imeneyo, imodzi mwa zazikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa, idasanduka nkhokwe ya matabwa a dziko lonse, ndipo sitingaunyoze paini, pakuti ndiwo wafolera nyumba zathu zambiri ndi kukhazika ana athu pa madesiki. Koma paini umakhwima m'zaka makumi awiri ndi zisanu kapena kupitirira pang'ono, pamene mlombwa umafuna moyo wa munthu wathunthu. Ndi wofewa, umafumbwa msanga, ndipo umalola msomali mosavuta kotero kuti mmisiri waulesi saonanso chifukwa chobowolera bowo ndi kucheka lilime. Ndipo ngakhale Chikangawa yemweyo, chifukwa cha moto wa chaka ndi chaka ndi kudula kosabwezeretsa, mbali zake zambiri zidasanduka zitsa.

Dziko litalandira ufulu, maphunziro a umisiri adachoka m'manja mwa mishoni yokha. Sukulu za ntchito zamanja za ku Soche, Lilongwe, Namitete, Salima, Nasawa, Mzuzu ndi Livingstonia zidaphunzitsa ukalipentala pamodzi ndi ntchito zina, a Malawi Young Pioneers adauphunzitsanso m'misasa yawo, ndipo mayeso a Boma a Trade Test, oyambira Giredi 3 kukwera kufika Giredi 1, adakhala makwerero a mmisiri wofuna kulembedwa ntchito ku kampani kapena ku unduna wa zomangamanga. Mu 1999 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa bungwe la TEVETA loyang'anira maphunziro amenewa, ndipo kuyambira 2015 Boma lakhala likutsegula makoleji a umisiri m'maboma, kumene atsikana nawonso agwira puleni, chinthu chimene agogo athu sakadachilota. Komabe malo a m'sukulu zimenezi akhala ochepa nthawi zonse, ndipo amisiri ambiri amene amatipangira mipando sadalowemo. Iwo adaphunzirira m'mashedi a ku Ndirande, ku Mchesi ndi m'misika ya m'maboma, kumene mnyamata amaperekedwa ndi malume ake kwa mmisiri wodziwika, nayamba ndi kusesa zopalapala, kukwecha ndi sandipepa, kunyamula matabwa kupita nawo ku makina ndi kuwongola misomali yakale, naphunzira ndi maso koposa ndi mawu. Sukulu imeneyi ilibe satifiketi, koma yalera anthu ambiri. Choipa chake n'chakuti mnyamata akangodziwa kukhoma sofa amachoka asadakhwime, pakuti njala siimlola zaka zisanu, ndipo amakatsegula shedi yake ndi theka la luso, theka limenelo n'kudzalipatsiranso wina.

Pali nyengo ina m'mbiriyi imene siyenera kudumphidwa, ngakhale ndi yowawa kuisimba. Kale maliro ankakulungidwa m'mphasa, adzukulu n'kuwanyamula pa chithatha. Bokosi lidabwera ndi mishoni ndi tauni, ndipo kwa nthawi yaitali linkakhomedwa usiku womwewo wa maliro ndi kalipentala wa m'mudzi, kawirikawiri ndi matabwa osonkha, nthawi zina a chitseko cha malemu omwewo. Kupanga bokosi munthu asadafe kunkayesedwa kuitana imfa. Koma matenda a Edzi, amene adapezeka koyamba m'dziko lino mu 1985, atakolera m'zaka za m'ma 1990, maliro adachuluka kotero kuti mwambo udagonja: mabokosi adayamba kupangidwiratu ndi kuyalidwa m'mbali mwa misewu, pafupi ndi zipatala, aakulu ndi aang'ono, ndipo msewu wina wa ku Lilongwe udafika potchedwa msewu wa mabokosi a maliro. Amisiri amene adaphunzira kupanga mabedi a akwati adapezeka akudyera pa imfa za anzawo a msinkhu umodzi, ena a iwo ali odwala okha. Sindiwaweruza, pakuti wina ankayenera kuigwira ntchitoyo, ndipo adaveka ulemu anthu ambiri pa ulendo wawo wotsiriza. Koma nkhalango zathu zidalowa m'manda pamodzi ndi ana athu, ndipo bokosi, pokhala chinthu chofunika lero lomwe ndi chosaonekanso mawa, lidazoloweretsa manja ambiri thabwa laliwisi ndi msomali wa changu. Boma litayamba kugawa mankhwala otalikitsa moyo mwaulere mu 2004, imfa zidayamba kuchepa, ndipo m'mashedi momwe munkayalidwa mabokosi mudabwereranso mipando, mawodiropu ndi mabedi.

Mnyamata kapena mtsikana wosankha ukalipentala lero akupeza ntchito yosiyana ndi imene agogo ake adaidziwa. Makina ocheka ndi opala amachita m'mphindi zochepa zimene zinkatenga tsiku, malinga magetsi akhale alipo. Zithunzi za mipando ya kunja zimabwera pa foni, wogula n'kunena kuti ndikufuna yonga iyi sabata yamawa. Ndipo m'masitolo mwadzaza makabati a utuchi woumba ndi guluu, onyezimira kunja, amene akanyowa kamodzi amafufuma n'kuphwasuka, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Wogula yemweyo amene amadandaula kuti amisiri a masiku ano ndi achinyengo safuna kulipira mtengo wa thabwa louma, ndipo mmisiri wopanda mpamba sangathe kugula matabwa chaka chino kuti adzawapale chaka chamawa, kotero kuti amadikira kandalama koyamba ka wogula, nathamangira kumsika, nagula thabwa lochekedwa sabata yatha. Amisiri oona akadalipo ndithu, ndipo amadziwika ndi mulu wa matabwa wosanjidwa bwino kuseri kwa shedi. Aliponso oluka mipando ya nsungwi imene yatchukitsa dzina la Malawi m'masitolo a ku South Africa ndi kutsidya kwa nyanja. Koma mlombwa ndi mbawa zasowa ndi kukwera mtengo, zina zikuchita kuchokera ku Mozambique ndi ku Zambia, ndipo ocheka atembenukira ku bulugamu, malaina ndi mango a m'minda. Pa Mulanje, a Mulanje Mountain Conservation Trust pamodzi ndi a zankhalango ndi anthu a m'midzi yozungulira afesa mbande za mkungudza zikwi mazana m'manazale ndi kuzibzala paphiri; zimene zidzapulumuke moto zidzafika pochekedwa thabwa patapita zaka makumi ambiri, ndipo pakadali pano mmisiri wa ku Likhubula akupala paini.